Ndere za m'nyanja yamchere mumaphika bwanji? Zanga zasanduka phala

Mai_wa_pa_Linga

Moni nonse muno. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha amene mukudziwadi mundithandize chifukwa zinthuzi ndazisunga sabata ziwiri tsopano ndikuopa kuziononganso. Mlamu wanga amapanga geni ya zitenje, amakapikula ku Dar es Salaam, nde ulendo wathawu anawolokera ku Zanzibar, pobwera wandibweretsera jumbo yodzadza ndi zinthu zouma zooneka ngati timizu kapena tinthambi, zina zotuwa zina zofiirira, pamwamba pake mchere uli mbuu komanso zili ndi kafungo ka kunyanja koma osati ka nyanja yathu ino. Akuti kumeneko amati mwani, ndi ndere za m'nyanja yamchere ndipo anthu amadya. Mwini wakeyo kaphikidwe sakudziwa, anangomva wogulitsayo akuti ndi zabwino m'thupi basi wagula.

Ine ndinangoti izi ndi ngati mfutso. Ndinatapa manja awiri, kutsuka kamodzi, kuika mu poto ndi madzi, tomato, anyezi, maganizo anga ndikuti zikafewa ndithire nsinjiro tidyere kondowole. Abale inu, patangopita kanthawi timizu tija tonse tinasungunuka, mu poto munangotsala chinthu chonanda ngati phala la chinangwa losapsa, mchere wake wosayamba, mchenga ukuchita kumveka kumano. Chitazizira chinagwirana chonse ndikuchoka mu poto ngati chigumu. Ndinataya ndipo zinandiwawa poganizira kuti mlamu wanga anazinyamula mtunda onse uja, Mbeya, Kyela, pa Songwe, mpaka kudzafika kuno ku Nkhotakota.

Nde ndikufunsa, kodi zimenezi zimadyedwa ngati ndiwo kapena ndinalakwitsa pachiyambi pomwe? China, apongozi anga akuti ndere ndi ndere, zomwe zimamera pa miyala kunyanja kunozi ndi zomwezo palibe chifukwa chokatengera kutali. Ndi zoona zimenezo? Komanso ndili ndi mwana wa zaka 4 ndi mng'ono wanga woyembekezera amene akukhala nane pano, amenewa angadye?

Anti_wa_Kariakoo

Pepani achemwali, zimenezo zachitikira ambiri. Mwani wa ku Zanzibar sufuna kubwatitsa ngati nkhwani kapena chigwada, ukakhalitsa pamoto umasungunuka ndithu ndipo chonanda mwachionacho ndiye chimene amaulimira. Makampani akunja amagula mwani wouma kuti achotsemo chinthu chotchedwa carrageenan chimene amathira mu ayisikilimu, mu mkaka wa chokoleti, ngakhale mu mankhwala otsukira mano kuti zizigwirana. Nde inuyo mosadziwa mwapanga zomwe amapanga ku fakitale.

Ine ndinafikako ku Paje ndi ku Jambiani ndinaona ndi maso anga. Ndi munda weniweni koma uli m'madzi. Nyanja ya kumeneko si ngati yathuyi, madzi amabwerera m'mbuyo kutali kenako nkubweranso tsiku lomwelo, nde madzi akabwerera azimayi amalowa, akhomerera zikhomo mu mchenga, amanga zingwe, pa zingwepo amangirira tizidutswa ta mwani, pakatha masabata 6 amakolola. Ulimiwu unayamba mu 1989 ndipo mbewu yake inachokera ku Philippines, ambiri olima ndi azimayi. Akakolola amayanika padzuwa, ena pansi penipeni, mchenga munaumvawo ndi umenewo.

Chitani chonchi. Tapani pang'ono, dzanja limodzi ndi lokwanira banja lonse chifukwa umafufuma kwambiri. Tsukani kanayi kapena kasanu mukufikisa ngati mukuchapa, muziona pansi pa beseni mpaka mchenga usiye kutsala, nthawi zina mumapezekanso tizingwe ta pulasitiki ndi tizigoba muchotse. Kenako viikani m'madzi ambiri usiku onse, musanagone sinthani madziwo kamodzi, mukhoza kufinyiramo ndimu kuti kafungo kachepe. M'mawa mupeza watupa, wayera, ukuoneka ngati galasi. Apa tsopano wiritsani madzi paokha, aphuleni, ponyanimo mwani uja kwa mphindi imodzi yokha, vuulani nkuuika m'madzi ozizira nthawi yomweyo. Dulani tizidutswa, sakanizani ndi tomato, anyezi, ndimu wambiri, kambuzi pang'ono ndi jinja wosinja. Mchere muyambe mwalawa kaye. Imakhala saladi ngati kachumbali, kumano umamveka ngati nkhaka yanthete. Paokha mwani ulibe kukoma kwenikweni, umatenga kukoma kwa zomwe mwausakaniza nazo. Ndi mpunga ndi chambo chootcha zimayenda bwino kwambiri, ndi nsima ine sindinakondwere nazo.

Shefu_SengaBay

Anti afotokoza bwino za mwani, ine ndiwonjezere za mitundu ina chifukwa anthu amangoti ndere ngati ndi chinthu chimodzi pomwe zili ngati masamba athuwa, bonongwe saphikidwa ngati thelere. Ndimagwira ntchito yophika pa loji ina kuno ku Senga Bay ndipo alendo a ku Japan ndi ku Korea ena amabwera ndi timapaketi tawo, ndi amene anandiphunzitsa, zina timagula ku Lilongwe m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Asia zikapezeka.

Yoyamba ndi wakame, a ku Korea amati miyeok. Iyi mayi ndi imene ikufanana ndi mfutso munkaganizawo. Imabwera timasamba takuda touma, mukaviika mphindi 5 kapena 10 timatambasuka nkukhala masamba obiriwira oterera pang'ono, supuni imodzi yokha imadzadza kambale. Munthu wozolowera thelere sangavutike nayo olo pang'ono. Ku Korea amaikazinga pang'ono ndi mafuta a chitowe, adyo ndi nyama ya ng'ombe kenako kuthira madzi nkukhala supu, supu imeneyo amapatsa mayi amene wangochira kumene komanso munthu amamwa pa tsiku lake lobadwa pokumbukira mayi ake. Ine ndinayesa kuithira mu nsomba ya msuzi chakumapeto, itatsala pang'ono kuphulidwa, zinakoma.

Yachiwiri ndi nori, ija yokhala ngati pepala lakuda amakulungira mpunga wa sushi. Vuto lake kuno kunyanja ndi chinyezi, mukatsegula paketi mawa lake yafewa kale ngati nsanza. Musataye, ingodutsitsani pamwamba pa mbaula kawiri katatu osaigunditsa pa makala, isintha mtundu kukhala yobiriwira nkuumanso. Ifikiseni m'manja, sakanizani ndi chitowe chokazinga ndi kamchere, muziwaza pa mpunga. Pa Kilombero wotentha ana amamaliza mbale ngakhale palibe ndiwo ina.

Koma imene ine ndimaikonda ndi kombu, ndipo apa ndikhalitsepo. Ndi chitsamba chachikulu cholimba ngati chikopa, chambiri chimachokera ku Hokkaido kumpoto kwa Japan. Ntchito yake yaikulu ndi yokometsa msuzi umene iwo amati dashi. Musaitsuke, mukaona zoyera pamwamba si nkhungu ayi, ndi shuga wake wachilengedwe, ingopukutani ndi kansalu konyowa. Kachidutswa ka magalamu 10 mu lita imodzi ya madzi ozizira, kasiyeni theka la ola, kenako ikani pamoto wochepa, mukangoona timathovu tayamba pansi pa poto vuulani madzi asanabwate chifukwa ikabwata msuzi umananda komanso umawawira. Kukoma kumene kumatsala m'madzimo ndi kumene katswiri wina wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anakufufuza mu 1908 nkupeza kuti kumachokera ku chinthu china cha mu kombumo chotchedwa glutamate, anakutcha umami, ndipo chaka chotsatira ufa wokometsera zakudya wotchedwa Ajinomoto unayamba kugulitsidwa. Tomato wakupsa bwino alinso ndi chinthu chomwecho, nchifukwa chake ndiwo yopanda tomato imamveka kuti ikusowa kanthu.

Chimene chinandisangalatsa ndi ichi, a ku Japan ndi ku Korea dashi wina amapanga ndi tinsomba touma tofanana ndithu ndi usipa wathu. Mlendo wina ataona usipa pa thandala anati izi ndi zomwezo. Nde timatenga usipa wouma wabwino, osati wofuka utsi, kuchotsa mitu ndi matumbo kuti usawawe, kuukazinga pang'ono mu poto wouma, kuthira madzi a kombu aja nkuwiritsa mphindi 10, kusefa. Msuzi umenewo muphikire mpunga kapena nkhwani mudzandiuza. Ndipo ngakhale mulibe kombu, usipa wokha umatulutsa msuzi wabwino. Mu nyemba namonso kachidutswa kamodzi ka kombu kongofanana ndi chala chachikulu kamakometsa poto yense.

Mwana_wa_pa_Chia

Mayi, apongozi anuwo muwalemekeze koma pa nkhani iyi musawamvere chonde. Ine ndakulira pa Chia, bambo anga ndi msodzi, sindinaonepo munthu akudya ndere za m'nyanja yathuyi. Makolo athu sanali osankha zakudya, amadya nkhungu zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi, kuzikola ndi lichero nkuumba zimkate, amadya nyika za m'dambo nthawi ya njala, koma ndere anazisiyira nsomba. Mbuna ndi zomwe zimapala ndere pa miyala, chakudya chawo ndi chimenecho.

Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, mwani ndi kombu akunenazo sizingamere muno ngakhale mutabzala. Zomwe zimamera muno ndi mitundu ina, ndipo zija zimayandama pa madzi oima ngati penti wobiriwira nthawi yotentha zina mwa izo zili ndi poizoni woononga chiwindi, kuwiritsa sikuchotsa, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Kuwonjezera apo malo amene ndere zimachuluka m'mbali mwa bango ndi momwenso mumakhala nkhono za likodzo, ndi momwe anthu amachapira ndi kutsukira mbale. Ndinamvapo ena akunena za ku Chad kuti azimayi a kumeneko amakolola ndere zotchedwa spirulina m'maiwe nkuyanika kupanga zimkate zotchedwa dihé, ndi zoona, koma maiwe akewo ndi a madzi a chidulo chambiri momwe zinthu zina sizimera, ndipo anthu ake akhala akuchita zimenezo kuyambira kalekale akuidziwa bwino. Si zoti munthu angotsika pa doko ndi beseni.

Boyz_wa_Kamuzu_Road

Mwani umenewo ndi omwe pa TikTok akuti sea moss eti? Asisi musapange saladi mukuononga, pangani jelo muzimwa masupuni awiri m'mawa uliwonse, akuti muli maminero 92 ndipo umachiza BP, shuga, ngakhale mphamvu za abambo. Ku Lilongwe kabotolo kamodzi akugulitsa modula kwambiri, inu muli ndi jumbo yonse mukhoza kuyamba geni.

Nesi_wa_ku_Dwangwa

Achimwene a Kamuzu Road, apa ndikutsutsani ndipo musakhumudwe. Mwani ndi chakudya, si mankhwala. Za maminero 92 zo ndi mawu a otsatsa malonda. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi choti munthu amamva zoterezi nkusiya mankhwala a BP kapena a shuga, ena mpaka ma ARV, kenako amabwera kuchipatala zinthu zitafika poipa. Amene ali pa mankhwala apitirize mankhwala ake.

Tsopano funso lanu amayi la mwana ndi woyembekezera, limene palibe waliyankha. Nkhani yaikulu pa ndere za m'nyanja yamchere ndi ayodini, yemwe uja amathira mu mchere wa m'paketi kuti tisadwale chithokomiro. Thupi limafuna wochepa zedi, munthu wamkulu mamayikulogalamu 150 pa tsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250 malinga ndi WHO. Kuno kwathu nkhani imeneyi si yachilendo chifukwa timadya chinangwa kwambiri, ndipo chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira chimasiya zinthu m'thupi zimene zimalepheretsa ayodini kugwira bwino ntchito, nchifukwa chake timalimbikira kunena kuti kondowole aziviikidwa masiku okwanira ndipo mchere uzikhala wa ayodini. Koma chimene ambiri sadziwa ndi choti ayodini akachulukitsanso amasokoneza chiwalo chomwecho cha pakhosi, chithokomiro chimatha kubwera chifukwa cha kuchepa komanso chifukwa cha kuchuluka.

Mitunduyi imasiyana kutali. Kombu ndi imene ili ndi wambiri, galamu imodzi yokha youma imatha kukhala ndi ayodini woposa kakhumi amene munthu amafuna pa tsiku, ndipo wambiri amasungunukira mu msuzi uja a shefu akunenawo. Wakame ali pakati, nori ndi mwani zili m'munsi. Nde ine ndinganene kuti saladi ya mwani wotsukidwa bwino kamodzi kapena kawiri pa sabata, pang'ono pambali pa mbale, banja likhoza kudya, mwana wa zaka 4 mumudulire ting'onoting'ono kuti asatsamwe. Woyembekezerayo kombu ayambe waisiya, jelo wa tsiku ndi tsiku ayi, ndipo akapita ku sikelo akafunse. Amene ali kale ndi chotupa pakhosi kapena akumwa mankhwala a chithokomiro asayambe asanaonane ndi dokotala. A BP akumbukire kuti zinthuzi zimabwera ndi mchere wambiri, kuviika kuja si kwa mchenga okha.

Pali mtundu wina wotchedwa hijiki, timizu takuda tating'ono, mukaupeza m'sitolo usiyeni. Umakhala ndi poizoni wotchedwa arsenic wambiri moti boma la UK linachenjeza anthu ake mu 2004 kuti asamadye.

Boyz_wa_Kamuzu_Road

Ndamva anesi, za ayodini wochulukazo sindimadziwa. Mayi anga ali ndi chotupa pakhosi ndipo ndimafuna ndiwagulire kabotolo, bola mwanena.

Anti_a_ku_Mpondagaga

Mwana wanga wa pa Linga, chimene unatayacho ukanathira mkaka ndi shuga m'malo mwa tomato bwenzi ana akukupempha china. Ife nthawi ya Ramadan timapanga kapudini kozizira kofutulira, ndipo sitigwiritsa jeletini, ufa uja wogwiranitsa pudini, chifukwa wambiri amachokera ku nkhumba kapena ku nyama yosazingidwa mwa Chisilamu, nde timagwiritsa za ku ndere zomwezi. M'masitolo a amwenye amati China grass, dzina lina ndi agar, imabwera ngati ufa kapena ngati timizere touma toyera. Ubwino wake ndi woti imagwirana yokha popanda fuliji ndipo ikagwirana siisungunuka ndi kutentha kwa kuno, ngakhale mu Okutobala, pomwe jeletini ukangomutulutsa mu fuliji wayamba kale kuchucha. Kasupuni kamodzi ka tiyi ka ufawo pa kapu imodzi ya mkaka, koma uonetsetse kuti yabwata mphindi ziwiri kapena zitatu ukutakasa, ukangothira m'madzi ofunda sigwira. Ukafuna ya malambe kapena ya bwemba uwonjezereko pang'ono chifukwa zowawasa zimaifooketsa.

Ndi mwani wakowo zimathekanso koma pudini wake amakhala wofewa, wonjenjemera, osati wodula ndi mpeni. Ukatsuka ndi kuviika monga anenera anzangawa, tenga kadzanja kamodzi ka woviika kale, ika mu lita imodzi ya mkaka, moto wochepa, uzitakasa mpaka usungunuke, zimatenga mphindi 20 kapena kuposerapo. Thira shuga ndi iliki (zonunkhiritsa zija amati cardamom), sefa ndi kansalu koyera kapena sefa wa tiyi, thira m'makapu, usiye pozizira. Poyesa ngati wakwana donthezera pang'ono pa sosala yozizira, akagwira ndiye kuti watheka. Ukakhala ndi nazi (kokonati) ukamule uthire m'malo mwa theka la mkakawo, apo nde umamva kukoma kwa ku gombe kwenikweni. Osapanga wambiri, magetsi akuthimathimawa chinthu cha mkaka sichigona masiku.

Ndikamawerenga kuti katunduyu wachokera ku Zanzibar kubwera pa Linga ndikukumbuka agogo anga amene ankatiuza za nthawi ya Jumbe, kuti njira imeneyi ndi yakale, anthu a Chiswahili anabwera ndi mpunga wawo, nazi, ndi kaphikidwe kawo, ngakhale kuti njira yomweyo ndi imene inatenga abale athu ambiri kupita nawo ku ukapolo. Mkuyu uja anakumanirana Livingstone ndi Jumbe ukadalipo mpaka lero, ana a masiku ano amangoudutsa.

Mai_wa_pa_Linga

Zikomo nonse, ndabweranso kudzanena mmene zayendera. Lachisanu madzulo ndinatapa dzanja limodzi lokha, kutsuka kasanu, mchenga umene unatsala mu beseni ndinachita kuwaitana apongozi kuti adzaone. Ndinaviika usiku onse ndi ndimu, m'mawa ndinapeza beseni ladzadza ndipo kafungo kaja katha. Theka ndinapanga saladi ya anti a Kariakoo, ndinadyera mpunga wa Faya ndi utaka wokazinga chifukwa chambo chadula sabata ino. Bambo a kunyumba anawonjezera kawiri, apongozi analawa nkunena kuti ndimu ndi kambuzi ndi zomwe zikukoma osati nderezo, koma za kukatapa kunyanja zija asiya atamva za poizoni ndi likodzo. Mng'ono wanga ndamuuza adikire kaye mpaka akafunse ku sikelo Lachiwiri.

Theka linalo ndinapanga pudini wa anti a ku Mpondagaga, iliki ndinalibe nde ndinathira khungu la ndimu lopala. Anagwira bwinobwino popanda fuliji, ndinangoika makapu mu beseni la madzi a mu mtsuko. Wa zaka 4 uja anamaliza kapu yake. Vuto limodzi lokha, pansi pa poto panapserera pang'ono, ndikuganiza kuti makala anali ambiri.

Funso lomaliza, otsalawu ndiusunge bwanji? Jumbo ikadali yoposa theka ndipo mvula ikuyandikira.

Anti_wa_Kariakoo

Osautsuka wonse achemwali, mchere uli pamwambawo ndi umene ukuusunga. Uyanikeni padzuwa tsiku limodzi pa lichero kuti uume gwa, kenako muike mu chigubu kapena ndowa yotseka bwino, osati mu jumbo, muike pamwamba kutali ndi pamene mumasunga madzi. Nthawi ya mvula muzitsegula kamodzi pa mwezi, mukaona wayamba kufewa yanikaninso, koma mukaona madontho akuda kapena obiriwira a nkhungu gawo limenelo tayani. Pudini ulendo wina phulaniko makala ena mkaka ukangotentha, ndipo muzitakasa ndi mthiko mpaka pansi.